Mwana wakhoza MSCE: afunsire malo kukoleji iti osagwetsa golosale?

Funso: Ndili ndi golosale pa Kamwendo ku Mchinji, ndipo mwezi ukayenda bwino ndimatsala ndi phindu la K400,000. Mwana wanga wamkazi wapeza mapointi 16 pa MSCE. Iyeyo mtima wake uli pa zaulimi ndi kuwerengera ndalama, koma amalume ake akuti alembe za unamwino poti ntchito yake siisowa. Tisankhe bwanji makoleji?

Yankho: Mayi, musayambe ndi dzina la sukulu. Yambani ndi maphunziro amene mwanayo akufuna, ndipo muwayese ndi satifiketi yake. Mapointi 16 ndi abwino, koma angokhala chiphatikizo cha maphunziro asanu ndi limodzi amene anakhoza bwino. Pologalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Mwachitsanzo, ngati wakhoza Geography ndi Chichewa ndi 1 koma masamu ali ndi 7, za akaunti zamutsekera khomo, chifukwa 7 ndi pasi chabe pomwe kirediti imalekezera pa 6. Unamwino nawo umayang'ana Biology ndi maphunziro ena asayansi. Choncho tengani chilengezo cha NCHE, bungwe limene limayendetsa ntchito yosankha ophunzira kupita kumayunivesite aboma, muike pambali pa satifiketiyo, ndipo mufufute ndi pensulo pologalamu iliyonse imene sakukwanitsa zofunika zake. Malo amene mwalembapo pologalamu yotere pafomu mwangowataya.

Za amalume tinenepo pang'ono. Maganizo awo si oipa, koma unamwino ndi ntchito yochezera usiku m'wodi, yosamala mabala ndi magazi. Mwana wolowamo mokakamizidwa akabwereza chaka kapena kusiyira panjira, ndalama zolowa m'madzizo ndi zanu, si za amalume.

Mwayi wake ndi woti zimene amakondazo zimakumana malo amodzi. Ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Bunda ku Lilongwe, kuli digiri ya Agribusiness Management ndi ya Agricultural Economics, momwe ulimi ndi ndalama zimayendera limodzi. Ngati akaunti ndiyo yamukoka kwambiri, kuli MUBAS ku Blantyre, yomwe inali Polytechnic mpaka 2021. Polemba fomu, pamwamba aike imene akuifunitsitsa, pakati zimene magiredi ake akukwana bwino, pansi imodzi imene anthu sailimbirana kwambiri koma iye angaiphunzire mosanyinyirika. Kudzaza fomu yonse ndi mapologalamu olimbirana okhaokha ndiko kumasiyitsa ana a mapointi abwino.

Tsopano zathumba, pomwe makolo ambiri amapunthwa. Amafunsa fizi yokha. Koma malo ogona a pasukulu sakwanira onse, ndiye ophunzira ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda kwa a UNIMA ku Zomba kapena ku Luwinga kwa a Mzuni. Pamenepo pakufunika lendi, makala kapena magetsi, ndiwo, sopo, matiresi, laputopu, bandulo ya intaneti, zosindikizira ntchito za m'kalasi, ndi thiransipoti yobwera kumudzi patchuthi. Mukaphatikiza izi kwa chaka, zimatha kuposa fiziyo. Tengani kope, sukulu iliyonse tsamba lake, mulembe zonsezi, muchulukitse ndi zaka 4, kenako muonjezerepo china chifukwa mitengo simakhala malo amodzi. Mitengo ya lendi ndi chakudya funsani wophunzira amene ali komweko panopa, osati amene anamaliza zaka zisanu zapitazo.

Mtunda ndi ndalama. Kuchokera ku Mchinji, thumba la ufa, nyemba ndi nsinjiro mutha kupatsira wa minibasi m'mawa n'kufika ku Lilongwe tsiku lomwelo. Mwana akakhala ku MUST ku Thyolo kapena ku Mzuzu, zonse azigula yekha, inu muzingotumiza pafoni n'kulipiranso ndalama zimene amadula potapa. Apa Bunda yakuyenderani bwino, ndipo NRC, kampasi ina ya LUANAR imene ili ndi madipuloma a zaulimi, ili kumbali ya msewu wanu womwewo wa Mchinji.

Pa K400,000 ija, ife tinganene kuti sukulu isadye kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu, pafupifupi K130,000 pamwezi, kapena K1,560,000 pachaka. Ndipotu mwati mwezi ukayenda bwino. Januwale ndi Febuluwale, anthu akamalimbana ndi feteleza ndi njala, golosale simabweretsa zimenezo. Muziika ndalamayo kuakaunti yapadera kapena kubanki m'khonde miyezi yokolola, pamene malonda akuthamanga. Fizi ichoke paphindu, osati pampamba. Mukatapa ndalama yokaodera shuga ndi mafuta ophikira, mashelefu amayamba kuonekera matabwa, makasitomala amapita kwa mnzanu, ndipo temu yotsatira mulibe potapa. Katapila ndiye musamuyandikire n'komwe.

Ngongole ya ophunzira ya ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongolezi, afunsire ndithu akangosankhidwa. Koma siiperekedwa kwa aliyense wofunsira, itha kufika sukulu itatsegulira kale, ndipo ndi ngongole imene adzabweze akamaliza. Ndalama ya temu yoyamba ikhale m'manja mwanu.

Kupatula fomu ya NCHE, asankhe makoleji ena awiri kapena atatu okha ogwirizira, chifukwa ndalama yofunsira malo siibwezedwa. Malawi College of Accountancy ili ndi nthambi ku Lilongwe, ndipo njira ya mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti m'Malawi, munthu amatha kuiyenda pang'onopang'ono uku akukuthandizani kulemba mabuku a golosale. Ikakhala koleji yomwe si yaboma, onani pamndandanda wa NCHE ngati pologalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka, osati dzina la sukulu lokha, chifukwa pepala la pologalamu yosavomerezeka limavuta pofunsira ntchito. Ndalama iliyonse lipirani kuakaunti ya banki yolembedwa m'dzina la sukulu ndipo musunge silipi. Wokuuzani kuti mumutumizire pa Airtel Money kapena Mpamba kuti akupezereni malo ndi wakuba.

Tsiku lotseka kufunsira lisanafike, mupite nayeni ku Bunda tsiku limodzi la pakati pa sabata, akaone makalasi, inu mufunse mitengo ya zipinda zoyandikira n'kuilemba m'kope muja.