Mayi, mabuku a Sherlock Holmes musamulande mwanayo

Mayi wina wanditumizira imelo kudandaula kuti mnyamata wake wa Fomu 3 sakambanso china koma Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa m'nkhani zopeka za ku Britain, ndipo amamutchula ngati munthu amene anakhalapodi. Akufunsa ngati amulande mabukuwo. Mayi, chonde musatero.

Ine anandilandapo, n'chifukwa chake funsoli landilasa mtima. Ndili ku sekondale ndinabwereka ku laibulale kabuku ka nkhani zake, chikuto chitathothoka, masamba ena omata ndi selotepi. Ndinkakawerenga nthawi ya prepu nditakabisa m'kope la Bayoloje. Aphunzitsi ena atandigwira anakatenga, n'kunena kalasi yonse ikumva kuti nthano za azungu sizidzandilembera mayeso. Ndinali pakati pa nkhani ya mtsikana amene mchemwali wake anafera m'chipinda chokhoma usiku, atamva kakhweru mumdima. Teremu inatha ndisakudziwa chimene chinamupha. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa kabuku kameneko ndi kamene kanandiphunzitsa kuyang'anitsitsa chinthu ndisanathamangire kuyankha.

Mwana wanu ali ndi anzake ochuluka, ena a imvi. Arthur Conan Doyle, dokotala wobadwira ku Edinburgh, anatulutsa nkhani yoyamba ya Holmes mu 1887. Atatopa naye anamuphera pa mathithi a Reichenbach ku Switzerland mu 1893. Owerenga magazini ya Strand, momwe nkhanizi zinkatuluka, sanavomere. Madandaulo awo, kuphatikizapo ndalama zambiri zimene ofalitsa anamulonjeza, zinachititsa kuti mu 1903 amudzutse. Zonse pamodzi analemba mabuku aatali 4 ndi nkhani zazifupi 56.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi makalata. Nambala ya 221B Baker Street ku London, komwe Holmes amakhala m'nkhanizo, kunalibe pamene Doyle ankalemba. Manambala a msewuwo atasinthidwa m'ma 1930, adiresiyo inagwera pa nyumba ya kampani ya Abbey National, ndipo makalata opita kwa Holmes ankafika ambiri moti kampaniyo inaika mlembi woti aziwayankha. Ena amati olembawo anali opepera. Ine ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa. Tawerengani muone amene amakwera masitepe a nyumba ya Holmes m'nkhanizo: mtsikana wotaipa makalata, mphunzitsi wa ana a mabwana, mwini kasitolo ka pinyolo. Holmes amawapatsa mpando n'kuwauza kuti ayambire poyambira, asasiye kalikonse. Aliyense amene anagonerapo pa benchi la ofesi tsiku lonse n'kuuzidwa kuti "mubwerenso mawa" akudziwa njala ya munthu womvetsera chonchi. N'chifukwa chake mafilimu ena atsopano amene amamusandutsa wamwano, wonyoza aliyense, sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Jeremy Brett, amene anayamba kumusewera pa wailesi yakanema mu 1984, ndiye anamumvetsa: waukali, inde, koma wachifundo kwa wovutika.

Zomutchula ngati munthu weniweni zija ndi masewera akalekale. Gulu la Baker Street Irregulars, limene Christopher Morley anayambitsa ku New York mu 1934, limakumana Januwale aliyense kukumbukira kubadwa kwa Holmes. Amachita ngati Watson, mnzake wa Holmes amene amafotokoza zochitika m'mabukumo, ndiye analemba nkhanizo, kenako amakangana pa zosemphana. Mwachitsanzo, m'buku loyamba Watson akuti chipolopolo cha ku Afghanistan chinamulasa paphewa, koma m'lachiwiri akudandaula mwendo. Anthu ophunzira bwino alembapo masamba ambiri pofuna kugwirizanitsa ziwirizi. Chondikhumudwitsa n'chakuti gululi linayamba kulandira amayi ngati mamembala enieni mu 1991, ngati kuti amayi sankawerenga nawo zaka zonsezo. London nayo ili ndi gulu lake kuyambira 1951, ndipo pa Baker Street pali nyumba yosungiramo zinthu za Holmes imene inatsegulidwa mu 1990.

Ndiye mutani?

Gwirizanani naye nthawi: homuweki kaye, Holmes pambuyo. Magiredi akayamba kutsika, chepetsani maola koma bukulo likhale m'manja mwake. Ndipo madzulo ena mumufunse kuti Watson anawomberedwa pati, akutsegulireni tsamba lake, awerenge mokweza inu mukumvetsera.