Julayi ku Morocco: Toubkal ndi Merzouga pa ulendo umodzi?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo kufunsa ngati angakwere phiri la Toubkal ndi kukagona m'chipululu ku Merzouga mu Julayi, poti ndi nyengo yozizira. Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa nyengo za ku Morocco n'zosemphana ndi zathu. Pamene ife tikuwotha moto, ku Merzouga masana kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo eni ngamila amadikira kuti dzuwa lipendeke asananyamule alendo kupita pa milu ya mchenga ya Erg Chebbi.

Ine ndinapitako mu Januwale. Tinachoka mumzinda wa Marrakech n'kudutsa pa Tizi n'Tichka, mpata wa m'mapiri a Atlas, pomwe msewu umakwera mpaka mamita 2,260, chipale chofewa chili mbee m'mphepete mwa msewu. Ku Merzouga masana tinkayenda ndi malaya okha, koma dzuwa litangolowa kunazizira koopsa, pakuti mpweya wouma ndi thambo lopanda mitambo sizisunga kutentha. Mnyamata wina amene tinali naye, yemwe omugulitsa ulendo anamuuza kuti m'chipululu mumangotentha, anavala zovala zonse za m'chikwama mwake, komabe ananjenjemera mpaka m'bandakucha, eni mahema akumuwonjezera mabulangete ndi tiyi. Mpaka lero zimandipweteka, ndipo ndimakhulupirira kuti wogulitsa ulendo amene satchula za kuzizira kwa usiku sayenera kupatsidwa ndalama.

Mvula nayo anthu ambiri sailabadira, chonsecho imapha. Mu Ogasiti 1995 madzi osefukira anapha anthu ambiri m'chigwa cha Ourika, m'mapiri omwewa a Atlas, ndipo mu Sepitembala 2024 mvula inadzaza nyanja ya Iriki, ya m'chipululu, yomwe inali itauma kwa zaka zambiri. Musamange tenti kapena kuimika galimoto mumtsinje wouma, ngakhale kunja kukuwala bwanji, chifukwa madziwo amachokera kumtunda kumene simukukuwona.

Toubkal, wotalika mamita 4,167, amakwereka bwino mu Julayi chipale chitasungunuka. Ambiri amayambira pa mudzi wa Imlil, ndipo muyenera kukhala ndi wokutsogolerani. Merzouga muisiye mwezi umenewo. Ngati mukufuna zonse ziwiri, sinthani tikiti ikhale ya kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo munyamule juzi yokhuthala ndi chipewa.