Chimene aneba anu akukanira sukulu ya charter

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu a m'tauni yanu mu steti ya Massachusetts ku America akuyenda khomo ndi khomo kusayinitsa kalata yokana sukulu ya charter imene ikufuna kutsegulidwa, chonsecho ndi yaulere ndipo mwamva kuti ana amakhoza bwino kumeneko. Mwafunsanso ngati mungalakwe kulembetsako mwana wanu. Ena akuyankhani kuti ndi nsanje chabe ya aphunzitsi. Ine ndimagwira ntchito yothandizira mphunzitsi pa sukulu ya tauni ku Massachusetts komweko, ndipo ndikukana kuti ndi nsanje. Aneba anuwo akulira ndalama za sukulu zawo, komanso akulira kuti sukulu yatsopanoyo sadzakhala nayo mawu.

Sukulu ya charter si ya pulaiveti monga timadziwira kumudzi. Imayendera ndalama za msonkho, kholo salipira fizi, koma oyiyendetsa ndi bodi yawoyawo, osati komiti ya sukulu ya tauni. Ku Massachusetts lamulo lololeza sukuluzi linabwera mu 1993, zoyamba n'kutsegulidwa mu 1995. Chilolezo chimaperekedwa ndi bodi ya maphunziro ya steti yonse, cha zaka zisanu zisanu. Apa ndi pomwe pali zilonda. Tauni itha kukana ndi mtima wonse, meya ndi komiti yonse ya sukulu n'kulemba makalata, koma bodi ya stetiyo ikavomera, sukuluyo itsegulidwa ndithu ndipo tauniyo iyamba kulipira.

Malipidwe ake ndi awa. Mwana aliyense akachoka pa sukulu ya tauni n'kupita ku charter, ndalama zomwe tauni imagwiritsa ntchito pa mwana mmodzi zimamutsatira. Pomvera chabe zikuoneka zachilungamo: mwana wapita, ndalama yake yapita naye. Koma taganizani bwino. Tinene kuti ana 60 achoka. Sachokera m'kalasi imodzi kuti mphunzitsi mmodzi kapena awiri achepe. Awiri achoka giredi 1 pa sukulu iyi, atatu giredi 4 pa sukulu ina, mmodzi uko, mmodzi kuno. Kalasi ya ana 24 yatsala ndi 22. Mphunzitsi akufunikabe, basi yachikasu ikuyendabe msewu womwewo, nyumba ikufunikabe kutenthetsa m'Januwale, denga likudonthabe. Minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Zomba ikanyamuka ndi mipando itatu yopanda anthu, imamwa mafuta omwewo. Steti imabwezera tauni gawo la ndalamazo kwa zaka zochepa zoyambirira, koma kwa zaka zambiri nyumba ya malamulo sinkaika ndalama zokwanira m'thumba limenelo, mpaka lamulo la Student Opportunity Act la mu 2019 linachita kulonjeza kuti akonza.

Ndiye ndalama ikaperewera amadula pati? Pitani ku msonkhano wa komiti ya sukulu wokambirana bajeti, cha m'Malichi kapena Epulo, mukadzionere. Makolo amafola pamzere kumbuyo kwa maikolofoni, aliyense n'kupatsidwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Mayi wina atavala yunifomu ya ku ntchito yosamalira okalamba, mwana ali m'manja, akupempha kuti mphunzitsi wa nyimbo asachotsedwe. Wina akufunsa kuti bwanji namwino mmodzi azisamala sukulu ziwiri pomwe mwana wake ali ndi mphumu. Samu ndi Chingerezi sazigwira, chifukwa ndi zomwe zimayesedwa pa mayeso a steti. Zimene zimapita ndi laibulale, zojambulajambula, alangizi a ana, ndi anthu a ntchito ngati yangayi. A komitiwo amakhala patsogolo n'kumva zonsezo maso ndi maso, ndipo m'matauni ambiri amachita kusankhidwa, moti akakukwiyitsani mumakawachotsa ndi voti. A bodi ya charter simuwasankha ndinu, ndipo simungawachotse.

Chachiwiri chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi ichi. Sukulu ya charter imalandira ana mwa maere, ndipo malo akadzaza, adzaza. Sukulu ya tauni ilibe mawu akuti kwadzaza. Mwana amene wafika mu Febuluwale kuchokera ku Haiti kapena ku Brazil, wosadziwa liwu ngakhale limodzi la Chingerezi, atavala jekete yopyapyala chipale chili mbuu panja, amabwera kwa ife. Amene banja lake likugona kumalo osungirako anthu osowa pokhala amabwera kwa ife. Amene walephera kupirira malamulo okhwima a ku charter n'kubwerera pakati pa chaka, nayenso timulandira. Kuti mwana alowe m'maere, pamafunika kholo lomwe lamva za tsiku lotsekera kulembetsa, lodziwa kudzaza fomu, lokhala ndi nthawi. Inu mungathe. Makolo ena ambiri, makamaka ongofika kumene ngati mmene tinalili tonsefe, sangathe. Pang'ono ndi pang'ono ana ofuna chisamaliro chochuluka amatsalira pa sukulu yomwe ndalama zake zikuchepa.

Ndisakubiseni mbali inayo, chifukwa ndi yoona. Akatswiri a ku mayunivesite a MIT ndi Harvard anatsatira ana a ku Boston omwe anapambana maere n'kuwayerekeza ndi anzawo omwe analembetsa koma sanapambane, ndipo anapeza kuti olowa m'charter za mumzindawo ankachita bwino kwambiri, makamaka pa samu. Ma charter ambiri a ku Boston amaphunzitsa maola ochuluka pa tsiku, ndipo makolo akuda ndi a Chilatino omwe amayembekeza malo kumeneko si opusa. Atopa kuuzidwa kuti dikirani, sukulu ya kwanuko ikonzedwa, pomwe mwana akukula chaka ndi chaka. Koma kafukufuku wa ku Massachusetts komweko anaonetsanso kuti kunja kwa mizinda phindu limenelo silinkaoneka. Dzina loti charter palokha silikuuzani kanthu za sukulu imene ikubwera kwanuyo.

Mkanganowu unafika pachimake pa 8 Novembala 2016, pamene anthu a ku Massachusetts anavotera funso lomwe ankalitcha Question 2. Linkafuna kuti steti izitha kuvomereza ma charter 12 atsopano, kapena kukulitsa akale, chaka chilichonse, mopyola malire omwe analipo. Charlie Baker, bwanamkubwa wa pa nthawiyo, ankalichemerera. Mabungwe a aphunzitsi analikana, makomiti a sukulu oposa 200 analikana, Senator Elizabeth Warren analikana. Ngakhale Marty Walsh, meya wa Boston pa nthawiyo, yemwe iye mwini anathandiza kukhazikitsa sukulu ya charter m'mbuyomo, anati ayi, mzinda sungapirire kutaya ndalama mwa mtundu umenewo. Mbali zonse ziwiri pamodzi zinamwaza ndalama zoposa madola 40 miliyoni, ndipo ochuluka anali a mbali yovomereza. Anthu 62 pa 100 aliwonse anavota kukana. Chaka chotsatira, bungwe logwirizana ndi Families for Excellent Schools la ku New York linalipitsidwa chindapusa choposa madola 400,000 chifukwa chobisa mayina a anthu olemera omwe ankapereka ndalama za kampeni ya mbali yovomereza. Anthu a kwanuko sanaiwale zimenezi, n'chifukwa chake funso lawo loyamba limakhala lakuti kumbuyo kwa sukuluyi kuli ndani.

Si ku Massachusetts kokha. Ku Los Angeles, kumene pafupifupi mwana mmodzi pa asanu aliwonse amaphunzira ku charter, aphunzitsi oposa 30,000 ananyanyala ntchito masiku asanu ndi limodzi mu Januwale 2019, makolo ambiri n'kuima nawo pamvula. Ankafuna makalasi ochepa ana, anamwino, oyang'anira laibulale, ndi malire pa kuchuluka kwa ma charter. Kumeneko lamulo la Proposition 39 la mu 2000 limakakamiza sukulu za mzinda kugawirako ma charter zipinda, moti sukulu ziwiri zimapezeka mu mpanda umodzi, kulimbirana bwalo lamasewera ndi holo yodyera. Ku New Orleans, mphepo ya Katrina itadutsa mu 2005, aphunzitsi ndi antchito a sukulu oposa 7,000, ambiri mwa iwo akuda, anachotsedwa ntchito, ndipo pofika 2019 sukulu zonse za mzindawo zinali m'manja mwa ma charter. Zotsatira za mayeso zinakwera, koma mabanja ambiri mpaka lero akumva kuti analandidwa sukulu zawo ali pa maliro. Ndi zinthu ngati zimenezi zomwe zinachititsa NAACP, bungwe lakale lomenyera ufulu wa anthu akuda, kupempha mu 2016 kuti kutsegula ma charter atsopano kuyambe kwaima kaye.

Tsono za mwana wanu. Ine kalata ya aneba anuyo ndikanasayina, chifukwa sindikuona chilungamo pomanga sukulu yachiwiri ndi ndalama zomwe zikulephera kukwanira yoyamba, eni tauni atakana. Koma mukaona kuti mwana wanu akuvutika pomwe alipo n'kumulembetsa m'maere, palibe amene ali ndi ufulu wokulozani chala. Mwana ndi wanu, ndipo giredi 3 saibwereza podikira andale. Musanatero, kaoneni kaye sukulu yake ya panopa masana ana ali m'kalasi, osangomvera za pa WhatsApp. Kenako pitani ku msonkhano wa a charter ndi mafunso olimba. Pa ana omwe amayamba nawo, ndi angati amafika kalasi yomaliza, nanga ochokawo malo awo amalowamo ena? Chaka chatha, m'sukulu zawo zina, anaimitsa ana angati chifukwa cha khalidwe? Ali ndi aphunzitsi angati a ana olumala ndi a ana ophunzira kumene Chingerezi? Aphunzitsi awo amakhalitsa kapena amasintha chaka chilichonse? Nyumba ya sukuluyo ndi ya ndani, ndipo lendi ikupita kwa ndani? Manambala ambiri otere ali pa webusaiti ya dipatimenti ya maphunziro ya Massachusetts, sukulu iliyonse payokha, choncho mutha kutsimikiza zomwe akuuzani.

Muwafunsenso chomwe chidzachitike akadzalandidwa chilolezo kapena ndalama zikadzawathera. Ku Ohio, sukulu ya charter ya pa intaneti yotchedwa ECOT inatsekedwa mu Januwale 2018, chaka chili pakati, steti itapeza kuti inkalandira ndalama za ana omwe sinathe kuonetsa kuti ankaphunziradi. Ana pafupifupi 12,000 anayenera kusaka malo mwadzidzidzi, ndipo ambiri analandiridwa ndi sukulu za m'madera mwawo.