Funsani Ajambuli: chikwama cha kamera, phiri ndi chiperoni

Mwezi uno mauthenga ambiri omwe afika si a kajambulidwe ayi, ndi a kanyamulidwe. Zikuoneka kuti mvula itangodula anthu mwayamba kuyang'ana kuphiri la Mulanje. Ndasankhapo asanu, ena ndawadula pang'ono poti mumalemba zitalizitali.

FUNSO: Akulu, ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe. Pano ndapeza kaganyu koperekeza gulu la anthu ochokera ku Lilongwe, akufuna kukwera phiri kuyambira pa Likhubula, kukagona mmahati (nyumba zogona za paphiri) pa Chambe kenako pa Chisepo, mawa lake Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili. Chikwama chomwe ndili nacho ndi chija cha paphewa limodzi chomwe ndimayenda nacho mmaukwati. Ndaona pa intaneti zikwama za Lowepro ndi Shimoda koma mtengo wake eeh, kuphatikiza kutumiza ndi msonkho ndalama zake ndi zogulira lenzi. Ndikatenge ngongole ku banki mkhonde? Mnyamata wa pa Chitakale

YANKHO: Achimwene, ngongole ayi, azimayi a banki mkhonde asakulandeni mbuzi chifukwa cha chikwama. Koma cha paphewa limodzicho nachonso musakwere nacho chili chonchocho. Kuchoka pa Likhubula kudzera njira ya Skyline mumakwera mamita pafupifupi 1,000 tsiku loyamba lomwelo, malo ena pamafunika manja onse awiri, ndiye chikwama cholendewera mbali imodzi chimangokankha munthu komanso mukawerama chimabwera kutsogolo nkumenya mwala, kamera ili momwemo.

Nkhani yake ili apa: paphiri chikwama chiyambe chagwirizana ndi msana wanu, kamera ibwere pambuyo. Zikwama zambiri za kamera, makamaka zotchipa zomwe zimangokhala ndi timagawo ta siponji tokhatokha, anazipangira munthu wochoka mgalimoto kupita muholo. Mulibe malo a jekete, mulibe malo a chakudya, lamba wa mchiuno ndi kachingwe chabe. Zodula zija ngati Shimoda ndi F-stop mukaziyang'anitsitsa ndi zikwama za anthu okwera mapiri basi, kungoti mkati anaikamo kabokosi kofewa ka kamera kochotseka. Nde inuyo ingoberani nzeru imeneyo.

Pitani pakaunjika ku Limbe mukasake chikwama cha okwera mapiri cha malita 35 mpaka 45, nthawi zina mumabelo mumatuluka za Deuter, Osprey kapena Karrimor. Dzina musalitengere kwenikweni, yang'anani izi: lamba wa mchiuno akhale wonenepa komanso wotakata, kumsana kukhale kolimba osati kopindika ngati mukachigwira, kalamba ka pachifuwa kakhalepo, zipi azitseka osalumpha mano, pansi pasakhale poperepeseka. Ndipo musagule musanayese ndi katundu, muuzeni wogulitsayo aponyemo nsapato kaya majinzi kuti chilemere, muchibereke, mumange lamba pa mafupa a mchiuno penipeni osati pamimba. Chikakhala chanu mumva kulemera kwakukulu kwatsikira mchiuno, mapewa angotsala ogwirizira. Mukamva kuti mapewa ndi omwe akulira lamba mwamanga kale, chimenecho ndi chachifupi kapena chachitali kwa inu, chisiyeni olo atsitse mtengo bwanji.

Kabokosi ka mkati simukufunikanso kugula. Chikwama chanu cha maukwaticho ngati ndi chaching'ono chotsani lamba wake muchilowetse mkati mwa chachikulu, nkhani yatha. Chikakana kulowa atelala akusokereni kena ndi siponji wochindikala ngati chala, kotsekula pamwamba.

Kalongedzedwe ndi pomwe anthu ambiri amazipweteka. Pansi ikani zopepuka zofewa, zofunda ndi zovala zosinthira. Pakati, chogunda kumsana, ndi pomwe pakhale zolemera, kamera ndi madzi. Pamwamba jekete ya mvula, tochi ndi tokamba tapanjira. Onani mmene mayi amaberekera mwana, amamumanga kuti akhale phwamwamwa kumsana osati azigwedera kutali, akamasuka pang'ono amaima nkumanganso. Chikwama chimodzimodzi, chikayamba kukukokerani kumbuyo imani mukoke malamba.

Kulemera kwake, okwera mapiri amakonda kunena kuti katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lanu, ndiye ngati muli makilo 60 ndi makilo 12 zonse pamodzi. Zimakwana msanga kuposa mmene mukuganizira. Lenzi ya 70-200 f/2.8 ija mumanyadira nayo kutchalitchi payokha ndi kilo ndi hafu kapena kuyandikira pamenepo, lita imodzi ya madzi ndi kilo. Ine ndingati tengani kamera imodzi, lenzi imodzi yoyambira potakata ngati 18-55 kapena 24-105, ikachuluka ina yaing'ono yopepuka. Mafulashi ndi masitandi atsale kunyumba. Madzi musasenze chigubu, pamwamba pali timitsinje tambiri, gaidi azikuuzani potunga, koma tsiku la Sapitwa dzazani mabotolo pa Chisepo chifukwa mukamayandikira nsonga musayembekezere mtsinje.

Tsono kamera yomwe ili pansi pa chikwama sijambula, izi nzoona. Makasitomala anu adzafuna zithunzi akupuma wefuwefu panjira, osati pokhapokha mwafika. Kuikoleka mkhosi ndi lamba wake wamba nkolakwika, imagunda pachifuwa, mukaterereka ndi yoyamba kufika pansi. Pali kachitsulo ka Peak Design kotchedwa Capture komangirira pa lamba wa paphewa, kamera imakhala chilili osagwedera, kabwino koma nako nkodula. Njira yathu ndi iyi: pingasani lamba wa kamera kudutsa mkhwapa, kenako mangani kalamba ka pachifuwa ka chikwama pamwamba pake kuti kaipanikize. Mukafika pokwawa ibwezereni mchikwama, osachita ulesi.

Tsiku la Sapitwa chikwama chachikulu chimatsala pa Chisepo, mumanyamuka mbandakucha ndi kakang'ono. Njira imeneyo ndi ya matanthwe otsetsereka, penapake mumalowa kunsi kwa miyala chokwawa, pena kupatsirana zikwama pamanja, mpaka pa mamita 3,002. Kachikwamako kakhale kopanda zolendewera kunja.

Za mvula musanamizidwe ndi dzuwa la pa Chitakale. Miyezi yozizira chiperoni chimabwera osagogoda, nkhungu ndi kamvula kowaza kosalekeza, nthawi zina masiku angapo. Kachivundikiro kaja kovala kunja kwa chikwama kamathandiza koma mbali ya kumsana sikaphimba, madzi amatsika ndi khosi nkulowa mommo, mphepo ikakula kamauluka. Chodalirika ndi kuyala pulasitiki yaikulu yochindikala mkati mwa chikwama, katundu yense alowe mmenemo, kukamwa mupotokole. Majumbo opyapyala aja sagwira ntchitoyi, amang'ambika ndi zipi yomwe, komanso boma linawaletsa, musakawataye kuphiri.

FUNSO: Ine ndimakonda kujambula mbalame ndi minda ya tiyi mmamawa kukali mame. Kamera ndimaisunga mchikwama chake mu wadiropu kuti isalowe fumbi. Pano mkati mwa lenzi mwatuluka tinthu toyera ngati ulusi wa kangaude, ndapukuta sizikuchoka. Chikwama changa nchabodza kapena? Mayi wa ku Bvumbwe

YANKHO: Mayi, pepani, chimenecho ndi chuku, chamera mkati mwa galasi nchifukwa chake kupukuta kunja sikukuthandiza. Chikwama sichabodza, vuto ndi ntchito yomwe mwachipatsa. Chikwama nchonyamulira, sichosungiramo. Mukayenda mmizere ya tiyi siponji wa mkati amamwa mame ndi thukuta la kumsana, ndiye mukafika nkutseka zipi nkuponya mu wadiropu mwapatsa chuku zonse zomwe chimafuna, mdima, chinyezi ndi mpweya wosayenda. Thyolo ndi Mulanje tiyi amachita bwino chifukwa cha chinyezi chomwecho, ife a makamera ndi omwe timalipira.

Lenzi yodwalayo isiyanitseni ndi zinzake lero lomwe. Ikapite kwa wodziwa kutsekula malenzi, osati wokonza mafoni wina aliyense, ndipo musachedwe poti chuku chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pagalasi, pamenepo olo atsuke chipsera chimatsala.

Kuyambira pano mukafika kunyumba tulutsani zonse, chikwama chiyasamule pamalo podutsa mphepo mpaka chiume. Kamera ndi malenzi zikhale mkontena ya pulasitiki yotseka bwino, yoonekera mkati ndi yabwino kwambiri kuti kuwala kuzilowa, muikemo timapaketi ta silica gel tija timapezeka mmabokosi a nsapato ndi zamagetsi. Tiwiri titatu sitikwanira, sonkhanitsani tambiri, ndipo timakhuta madzi, ndiye pakapita nthawi muzitiumitsa pa kutentha kochepa. Pali wina wosintha mtundu akakhuta, wa olenji amasanduka wobiriwira, ameneyo ndi wosavuta kumulondola. Mpunga anthu amautama koma umayamwa pang'ono chabe, chomwe umabweretsa ndi fumbi ndi anankafumbwe. Komanso lenzi yomwe imatuluka pafupipafupi sidwala msanga, yongogona ndi yomwe imagwidwa.

FUNSO: Thiraipodi imangidwe pati, pambali kapena pakati kumbuyo? Nanga pakabaza? Wa ku Luchenza

YANKHO: Pambali, miyendo iwiri ilowe mthumba la botolo, mutu umangidwe ndi lamba wa mmbali, mbali inayo muike botolo la madzi kuti zilingane. Pakati kumbuyo imakhala kutali ndi msana, imakukokerani chagada komanso imakola mnthambi. Isatalike kupitirira mutu wanu. Pakabaza chikwama chikhale pathupi panu, osalola kuti achimange ndi malegeni pakaliyala, kugwedezeka kwa msewu wafumbi kumamasula tizomangira ta mkati mwa lenzi. Mminibasi chikhale pamiyendo, kondakitala akati chipite kubuti pamodzi ndi matumba a nanazi kanani mwaulemu.

FUNSO: Achimwene, ine msana umandivuta. Ndikalemba pota, ndingamupatse chikwama chonse cha makamera kuti ndiziyenda manja lendelende? Bambo wa ku Muloza

YANKHO: Bambo, pota mulembeni ndithu, palibe chamanyazi, ndipo ndalamayo imathandiza mabanja a mmunsi mwa phiri. Koma gawani katundu mwanzeru. Iye anyamule ufa, ndiwo, zofunda, thiraipodi, ngakhale lenzi yachiwiri ngati mwaikulunga bwino pakati pa zovala. Kamera ndi lenzi imodzi zikhale ndi inu. Sikuti ndikuwakayikira, anyamata aja ndi okhulupirika, vuto ndi liwiro. Amene munaonerako mpikisano wa Porters Race mukudziwa mmene amathamangira phiri lija, ndiye inu mukamaima kuti kuwala kwagwa bwino pa khoma la Chambe, kamera yanu imakhala itafika kale pahati, ikudikira tiyi.

China, ambiri amasenza pamutu kapena kumangirira zikwama ziwiri pamodzi ndi chingwe, ndipo popuma amatula pamwala. Muuzeni poyera kuti umu muli galasi, mbali iyi ikhale kumwamba. Mapota ndi magaidi atengereni ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula kapena malo ena ovomerezeka, ndipo funsani komweko mulingo wa makilo omwe pota mmodzi amaloledwa kunyamula. Katundu akapitirira lembani wachiwiri, osamukakamiza munthu chifukwa choti sakudandaula. Onaninso ngati ali ndi chofunda ndi chakudya chake, usiku wa pamwamba paja sumasankha kuti uyu ndi bwana.

Pa msana wanuwo, kachikwama ka mchiuno kokwana kamera imodzi kangakuthandizeni kuposa ka pamapewa, ndi ndodo mmanja. Koma ululu ukakhala wotsikira mmwendo yambani mwaonana ndi adokotala musanapangane tsiku.

FUNSO: Chaka chatha mu July ndinagona pahati ya Lichenya, mmawa mabatire onse awiri anali atatsika chonsecho ndinatchaja. Ndiye nditalowa mnyumba muli moto lenzi inachita nthunzi. Ndilongedze bwanji ulendo uno? Mtsikana wa ku Mulanje boma

YANKHO: Achemwali, mabatire anu sanafe, anazizidwa. Mabatire a lithium akazizira amapereka moto wochepa, akafunda mphamvu ina imabwerera. June ndi July pamwamba pamazizira mpaka udzu kuchita chisanu choyera mmawa, ndiye batire isagone mthumba lakunja la chikwama. Masana ikhale mthumba la mkati mwa jekete, usiku mugone nayo mzofunda, yamkamera yomwe muichotse. Musaisakanize ndi makiyi kapena makobidi, tizitsulo take tikakhudzana ndi chitsulo china imatha kuchita shoti, kasokosi kamodzi kakwanira kusungiramo. Musadalire zokatchaja mmahati, tengani pawabanki yodzadza, nayonso igone mofunda.

Nthunziyo imabwera galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda wa mnyumba, makamaka muli moto ndi zovala zonyowa zoyanikidwa. Musanalowe ikani kamera mchikwama nkutseka zipi, kapena mupulasitiki yomanga kukamwa, muisiye pakona kutali ndi moto kwa ola limodzi kuti ifunde pang'onopang'ono. Ikachita kale nthunzi musachotse lenzi, mungalowetse chinyezi pa sensa, kachipangizo ka mkati mwa kamera komwe kamagwira chithunzi, ndipo musaiwothetse moto. Memore khadi ngati mukufuna kuonetsa anzanu zithunzi pafoni itulutsireni panja musanalowe.

Amene munafunsa za zikwama zokwera nazo bwato pa Shire ndi ku nyanja, mafunso anu ndawasunga, atuluka mwezi wamawa.