Funsani Tikuyankheni: Kodi Amayi a Mvano Tipitirize Kugula Ufa wa Phala?

Funso: Ndine mlembi wa amayi a Mvano pa mpingo wina wa kumudzi m'boma la Thyolo. Chiwombereni namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023, takhala tikusonkha ndalama zogulira ufa wa phala wogawira ana onyentchera, koma ufawo ukangotha anawo amabwerera mwakale. Awiri tsopano atupa mapazi, ndipo makolo awo akuti ndi tsempho. Kodi tipitirize kugula ufa, kapena ndalamazi tichite nazo china?

Yankho: Mayi, tiyambe ndi ana awiri otupawo, pakuti nkhani yawo siyoyembekezera msonkhano wa Lachinayi. Mukadina chala pamwamba pa phazi la mwana n'kutsalapo kadzenje, dziwani kuti thupi lake laperewera zakudya kwambiri ndipo ayenera kupita kuchipatala lero lomwe, kaya cha boma kaya cha mpingo monga Malamulo ku Makwasa. Kumeneko amamuyeza mkono ndi kalamba kamitundu, ndipo akamupatsa chiponde, makolo adziwe kuti ndi mankhwala a mwanayo, osati chakudya chogawana ndi abale ake. Za tsempho musakangane nawo pagulu, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi amabisa mwana m'nyumba. Apempheni abusa ndi mlangizi wa zaumoyo kuti akacheze nawo mwakachetechete.

Ufa wogula ife sitiunyoza, poti unapulumutsa ana pamene minda inakokoloka, koma sungathetse vuto limene linalipo Freddy asanabwere. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira, ndipo kupinimbirako kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Kwanuko kuli chinanso: malo ambiri ali pansi pa tiyi, minda ya mabanja ndi yaing'ono, ndipo nthochi zimene zinkabweretsa ndalama zinasakazidwa ndi matenda a chisaka.

Choncho gawo lalikulu la choperekacho mugulire mbewu ya soya, mtedza ndi nandolo, zomwe zimalola kubzalidwa pamodzi ndi chimanga ngakhale pamunda wochepa, ndipo wolandira azibweza mbewu akakolola kuti banja lina lipatsidwe. Soya wokazinga akagayidwa pamodzi ndi chimanga amapereka ufa wofanana ndi umene mukugulawo. Muziphikira limodzi kuseri kwa tchalitchi, amayi aone ndi maso awo mmene nsinjiro, usipa wosinja, bonongwe kapena peyala zimalowera m'phala la mwana, chifukwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya samveka bwino pongowatchula paguwa. Ndalama yotsala iyambitse banki m'khonde.

Polemba maina a ana ofunika thandizo, yendani ndi amfumu komanso mlangizi wa zaumoyo, ndipo musafunse kumene makolo amapemphera.