Paki ikakonza malo a ana ndi sitima, kodi banja lipindulapo chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ana atatu, ndipo ndaona kuti ndiyankhe poyera chifukwa funso lake limavutitsa makolo ambiri. Mayiwa akuti paki ya zisangalalo imene banja lawo limapitako chaka ndi chaka yalengeza kuti itseka malo a ana kwa nyengo yathunthu kuti iwakonze, imanga roller coaster (ngolo zothamanga pa njanji yokwera, yotsika ndi yokhotakhota) yokwera banja lonse, ndiponso ikonza njanji ya sitima yozungulira pakiyo. Mwana wawo wamkulu, wa zaka 13, wakhumudwa poti ankayembekezera chimakina chachitali choimitsa mtima, pamene wamng'ono, wa zaka zinayi, sakudziwa n'komwe za nkhaniyi. Funso lawo ndi lakuti, kodi kumeneku si kungopaka penti pa zinthu zakale n'cholinga chokweza mtengo wa tikiti?

Mayi, kukayika kwanuko n'komveka, ndipo mapaki ena amachitadi zimene mukuopazo. Koma njira yodziwira ngati kukonzako kuli kwenikweni ilipo, ndipo imayambira pa kandodo koyezera msinkhu kamene kamaima pa khomo la zokwera zambiri. Kandodo kameneko ndi kamene kamagawa banja pakati, ena kulowa, ena kutsala panja atagwirizira zikwama. Oyang'anira sayang'ana zaka za mwana koma kutalika kwake, chifukwa chitsulo chotsekera pa ntchafu ndiponso malamba a m'mapewa anapangidwira thupi la msinkhu winawake, moti mwana wochepa thupi akhoza kupulumukira pansi pa chitsulocho ngolo ikamakhota mwamphamvu. Ma roller coaster akuluakulu nthawi zambiri amafuna masentimita 122, ena mpaka 137, pamene mwana wa zaka zinayi amakhala wamtali pafupifupi mita imodzi. Ndiye kuti chimakina chimene mwana wanu wamkulu akuchilakalaka, wamng'onoyo akanachidikira zaka zingapo asanachikwere, ndipo pa zaka zonsezo inu kapena bambo ake mukanamatsala naye pansi.

Eni mapaki anaiona kale nkhani imeneyi. Kingda Ka, roller coaster ya ku paki ya Six Flags Great Adventure m'chigawo cha New Jersey, inatsegulidwa mu 2005 ili yotalika mamita 139 ndipo inkathamanga makilomita 206 pa ola, koma ulendo wake sunkakwana ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo wosafika masentimita 137 sankaloledwa. Inatsekedwa mu November 2024 n'kugwetsedwa mu February 2025. Yerekezani ndi Big Bear Mountain, imene kampani ya Vekoma ya ku Netherlands inamangira paki ya Dollywood ku Tennessee mu 2023. Njanji yake ndi yotalika mamita oposa 1,200, liwiro lake limafika makilomita 77 pa ola, siitembenuza anthu chadodolido, ndipo mwana wa masentimita 99 amakwera. Liwiro limenelo si lamasewera ayi, ndipo ine ndikuganiza kuti mnyamata wa zaka 13 sangatsikemo akuyasamula, ngakhale kuti mwina sangavomere pamaso pa mng'ono wake kuti zamukomera.

Mtundu umenewu wa roller coaster si wachilendo. Mu 1959 Disneyland inatsegula Matterhorn Bobsleds, yoyamba kuyenda pa njanji ya mapaipi achitsulo, ndipo mapaipiwo anathandiza akatswiri kupinda njanji mofewa kuposa mmene matabwa ankalolera. Mu 1966 kampani yomweyo imene inaimanga, Arrow Development, inamanga Runaway Mine Train ku Six Flags Over Texas, yooneka ngati ngolo za mu mgodi, imene chikoka chake chinali kukhotakhota pafupi ndi nthaka osati kugwa kuchokera kumwamba. Ma roller coaster a banja a masiku ano ndi zidzukulu za imeneyo. Pa nkhani ya chitetezo, kuchepa kwake sikutanthauza kuti anaipanga mwachidule. Magudumu amagwira njanji pamwamba, m'mbali ndi pansi, njira imene John Miller analembetsa mu 1919, ndipo njanji imagawidwa m'zigawo zokhala ndi mabuleki kotero kuti ngolo ya m'mbuyo siilowa m'chigawo chimene ya kutsogolo isanatulukemo. Ku Europe zonsezi zimayendera muyezo wa EN 13814, ndipo ku America zimayendera miyezo ya komiti ya ASTM F24, kaya chokweracho n'chachikulu kapena n'chaching'ono.

Malo a ana ndi pamene chinyengo cha penti chimabisala kawirikawiri, choncho apa m'pofunika maso. Kalembedwe kakale ka malo amenewa, monga Kiddieland imene paki ya Kennywood ku Pennsylvania inakhazikitsa m'zaka za m'ma 1920, kanali kosonkhanitsa timakina ting'onoting'ono pamalo amodzi, mwana n'kumazungulira yekha m'kagalimoto kholo litaima kunja kwa mpanda likumubayibitsa. Paki imene yangosintha mtundu wa timagalimoto timeneto, n'kumatapo zithunzi za zidole za pa wailesi yakanema, siinakonze kanthu kwenikweni. Kukonza kwenikweni kumaonekera pa mipando yoti wamkulu akwanemo pambali pa mwana, pa mthunzi, pa zimbudzi zapafupi, pa malo oyamwitsira ndi osinthira thewera, ndiponso pa bwalo loti mwana athamangethamange popanda kuima pa mzere. Disneyland itatseka Mickey's Toontown mu March 2022 n'kuitsegulanso mu March 2023, zambiri zimene inawonjezera zinali kapinga, mitengo, malo osewerera mwaufulu ndi njira zosalala zoyendamo njinga za olumala ndi za makanda. Zinthu zotere sizikongola pa chikwangwani chotsatsira malonda, koma kholo limene linayesapo kutonthoza mwana wotopa dzuwa lili pamutu limadziwa mtengo wake.

Tsopano ndifike pa sitima, imene ine ndimaikonda kuposa zonse ndipo sindibisa. Sitima ndi chimodzi mwa zokwera zimene m'mapaki ambiri zilibe kandodo pa khomo. Khanda la m'manja, mayi woyembekezera, agogo amene mawondo akuwavuta ndi mnyamata wa zaka 13 amakhala pa benchi limodzi, ndipo palibe amene amatsala. Walt Disney anali ndi kanjanji kake kuseri kwa nyumba yake kuyambira mu 1950, ndipo Disneyland itatsegulidwa pa 17 July 1955, sitima yozungulira paki inali kale pa njanji tsiku lomwelo. Ku Vienna, kasitima ka Liliputbahn kakhala kakuyenda m'paki ya Prater kuyambira mu 1928 pa njanji yopingasa mamilimita 381 okha. Ku Dollywood, paki yonseyo inachita kumera mozungulira njanji imene inayamba kunyamula alendo mu 1961, ndipo injini zake za nthunzi zinagwirapo ntchito ku Alaska zisanabwere ku Tennessee. Zinayi za ku Walt Disney World zinapangidwa ndi kampani ya Baldwin pakati pa 1916 ndi 1928, ndipo zinagulidwa ku Yucatán m'dziko la Mexico.

Ndatchula zaka zimenezi kuti muone chifukwa chake kukonza sitima kumadya ndalama zambiri pamene mlendo saona kusintha kulikonse. Thanki yowiritsira madzi ya injini ya nthunzi imafunika kuyezedwa ndi kukonzedwa nthawi ndi nthawi, mitanda ya pansi pa njanji imaola, miyala yoigwiriza imasuntha, ndipo amisiri odziwa ntchito imeneyi ndi ochepa. Mapaki ang'onoang'ono ambiri amagwiritsa ntchito sitima ya mtundu wa C.P. Huntington, imene kampani ya Chance ya ku Wichita yakhala ikupanga kuyambira mu 1961, ndipo masiku ano iliponso yoyendera batire, yopanda utsi ndi phokoso la injini. Chimene ndimachiyamikira n'chakuti paki yanuyo yasankha kukonza njanji m'malo moizula, pakuti njanji imazinga paki ngati lamba, ndipo paki ikafuna kukula njanjiyo ndi imene imayamba kutchinga njira. Sitima ya ku Magic Kingdom, paki ya ku Walt Disney World, inaima kuyambira mu December 2018 mpaka mu December 2022 chifukwa chomanga roller coaster yatsopano pafupi ndi njanji yake. Zaka zinayi pa moyo wa mwana n'zambiri, moti amene anali khanda pamene inkaima anali atayamba kale sukulu ya mkaka pamene inkayambiranso.

Za mtengo wa tikiti, musadabwe ukakwera, chifukwa paki imene yawononga ndalama pomanga imafuna kuti zibwerere. Chimene mungachite musanagule tikiti ya chaka chonse ndi kumuyeza mwana wanu wamng'ono atavala nsapato zimene adzavale tsikulo, kenako n'kuwerenga pa mndandanda wa pakiyo zokwera zimene msinkhu wake ukuloledwa, poyerekeza chiwerengero cha chaka chatha ndi cha pamene adzatsegulenso. Funsaninso ngati roller coaster yatsopanoyo idzalola mwana wamfupi kukwera ali ndi wamkulu pambali, popeza mapaki ambiri amaika misinkhu iwiri, wa wokwera yekha ndi wa woperekezedwa, ndipo zikatero mufunse ngati wa zaka 13 amawerengedwa kuti ndi woperekeza, chifukwa mapaki ena amafuna wa zaka 14 kapena kuposerapo. Pa nyengo imene malo a ana adzakhale otsekedwa, ine ndikanakhala inu ndikanagula matikiti a tsiku limodzi basi, ndipo ndikanayamba ndafunsa ngati sitimayo idzakhala ikuyenda tsiku limenelo.