Yankho kwa a malume pa nkhani ya batire la m'nyumba

Malume, ndamva funso lanu lija munaponya m'gulu muno m'mawa, lakuti mukagula batire lalikulu, n'kumalitchaja pakati pa usiku anthu atagona, kenako n'kumaligwiritsa ntchito madzulo, kodi mayunitsi anu angamakhalitse. Ndasankha kuyankha ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali kuti ndiilembe pa foni.

Ngati batirelo lizidzazidwa ndi magetsi a ESCOM okha, simupulumutsa ndalama, ndipo mayunitsi azitha msanga kuposa kale. Mita ya prepaid imene muli nayo ku Nkhotakotako siyang'ana nthawi, kotero yunitsi ya 2 koloko usiku ndi ya 6 koloko madzulo mumazigula pa mtengo umodzi. Njira imene mukunenayo imapindula m'maiko monga Britain, kumene mabanja ena amalipira mtengo wotsika usiku, ndipo kuno kwathu amene amalipira molingana ndi nthawi ndi makampani akuluakulu monga mafakitale. Chachiwiri, batire silibweza zonse zimene lalandira. Mukalowetsa mayunitsi 10, amene amatuluka kudzera mu inveta, chipangizo chimene chimasandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, amakhala pafupifupi 8 kapena 9 ngati batirelo ndi la lithium, ndipo amachepera apo ngati ndi la asidi, chifukwa mphamvu ina imatayika ngati kutentha.

Komabe maganizo anuwo si olakwika, kungoti phindu lake limaonekera kwambiri ku dziko lonse osati m'thumba mwanu. Magetsi amafunika kwambiri kuyambira cha m'ma 5 koloko madzulo mpaka cha m'ma 8 koloko usiku, pamene aliyense wayatsa mababu, akuphika komanso akuonera kanema. Kuno ku Salima tili ndi munda wa sola wa ku Nanjoka, wa mamegawati 60, umene unayamba kugwira ntchito mu 2021, koma dzuwa likangolowa superekanso kanthu, ndipo katundu wambiri amabwerera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mukukumbukira mmene tinavutikira namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko litataya mamegawati pafupifupi 130. N'chifukwa chake sola ya ku Golomoti m'boma la Dedza, imene inatsegulidwa mu 2022, anaimanga pamodzi ndi mabatire, kuti mphamvu ya masana isungidwe n'kudzathandiza pa nthawi yothina.

Kunyumba kwanu, batire limayamba kubweza ndalama pamene likudzazidwa ndi dzuwa. Mukaika mapanelo padenga, batire lizidzaza masana kwaulere, ndipo madzulo mababu, kanema, fani ndi firiji ziziyendera pamenepo mita isakudya kanthu. Limathandizanso ngati likulowa m'malo mwa jenereta, pakuti mafuta amene mumathira magetsi akathima ndi okwera mtengo kwambiri poyerekeza ndi yunitsi.

Pamene ndikufuna mumvetsetse bwino ndi pa kukula kwake, chifukwa apa ndi pamene ambiri timanamizika ndi maonekedwe. Batire lija lolemera lolembedwa 12V 200Ah, limene amuna awiri amanyamula movutikira, limasunga mayunitsi 2.4 okha. Ngati ndi la asidi kapena la gel, simuyenera kulitsitsa kupitirira theka, kotero chimene mungadye ndi yunitsi imodzi ndi kachidutswa. Mababu asanu a LED a mawati 10 pamodzi ndi kanema ndi fani akhoza kuyenda madzulo onse pa mphamvu imeneyo. Koma ketulo imodzi imakoka mawati pafupifupi 2,000, ndipo hotipuleti, ayironi ndi giza zili m'gulu lomwelo, moti azakhali akaphika nyemba pa hotipuleti, batire lidzatha nyembazo zisanafewe. Zipangizo zotenthetsa zisiyeni pa waya wa ESCOM, ndipo kusita muzichita masana.

Ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Batire langa loyamba linali la asidi, ndinaliika m'kachipinda kopanda zenera pansi pa malata, ndipo ndi kutentha kwa kunyanja kuno kwa mu Okutobala ndi Novembala silinakhalitse. Kutentha kumafupikitsa moyo wa batire lililonse, ndipo ku Nkhotakota kukutentha chimodzimodzi. La lithium la mtundu wa LiFePO4 ndi lodula pogula, koma mukhoza kulitsitsa mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo limapirira kutchajidwa maulendo masauzande. Liikeni pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula, ndipo wolumikiza akhale katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, amene adzaike switchi yolekanitsa nyumba yanu ndi waya wa panja, kuti mphamvu ya batire isabwerere kukavulaza anthu amene akukonza mawaya.

Musanapereke ndalama kwa wina aliyense, jambulani timapepala tolembedwa mawati tili kumbuyo kwa firiji, kanema ndi fani, munditumizire pamodzi ndi mayunitsi amene munagula miyezi itatu yapitayi, ndipo Loweruka ndidzakuwerengerani kukula kwa batire ndi mapanelo oyenera nyumba yanu.